Hypnosis si ufiti, tasiyani kuopseza odwala

Lero ndiye ndakwiya ndipo ndilankhula, wokhumudwa akhumudwe basi.

Msuweni wanga ali ku Manchester ku England, amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mtsikanayu wazunzika ndi m'mimba kwa nthawi yaitali, matenda aja amati IBS, mimba kupotokola, kutupa, lero kutsegula mawa kudzimbidwa, mapiritsi wamwa mpaka kutopa nawo. Adokotala ake anamuuza kuti poti mankhwala akanika tiyeseko hypnotherapy, thandizo logwiritsa ntchito hypnosis. Iye ndi chimwemwe chake analemba pa gulupu ya banja ya WhatsApp kuti mwina tsopano ndipumako. Abale inu, zimene zinatsatira! Azakhali anaponya voice note yaitali mawu akuchita kunjenjemera, akuti mwanawe usakayerekeze, akufuna akulowetse ziwanda, ukakhala pampando umenewo ukadzukapo uli wa sataniki. Amalume nawo akuti chimenecho ndi chitaka cha azungu, akakulanda nzeru n'kukuuza utchule PIN ya ku banki. Wina n'kuponyaponso vidiyo ya pa TikTok ya bambo akulira ngati tambala pa siteji. Pofika madzulo mwana uja analemba kuti basi ndakansela. Wakansela thandizo la kuchipatala chifukwa cha mantha a anthu amene sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti chinthucho chimayenda bwanji!

Hypnosis si ufiti. Mulibe chiwanda, mulibe chizimba, mulibe nsupa. Ndi mawu ndi maganizo a mwini wake wodwalayo, basi.

Zimakhala chonchi. Umakhala pampando, katswiriyo amalankhula nawe mofatsa, akuti yang'ana malo amodzi, koka mpweya pang'onopang'ono, masula mapewa, masula nsagwada. Maganizo amene amangothamanga uku ndi uku aja amasonkhana pa chinthu chimodzi, zina zonse zimamveka ngati zili patali. Apo ndi pamene amayamba kukupatsa mawu othandiza. Kwa wa m'mimba ngati msuweni wangayu amati ika dzanja pamimba, imva kufunda kukulowa, ona m'maganizo matumbo ako ngati mtsinje woyenda phee wosathamanga wosaima. Amabwereza zimenezi masabata angapo ndipo amakupatsanso zomvera kunyumba kuti uzichita wekha. Sugona tulo ayi. Umamva zonse, ukafuna kutsegula maso umatsegula, akakuuza zopusa umakana n'kunyamuka. Chiwanda chili pati pamenepa? Ndiuzeni azakhali, chili pati?

Mukuti mawu chabe angasinthe bwanji thupi? Taganizani bwemba pompano, wouma uja, mwamusenda mwamuika palilime. Malovu adzadza m'kamwa eti? Bwemba palibe, ndangomutchula, koma thupi layankha. Ubongo ndi matumbo zimalankhulana usana ndi usiku kudzera m'mitsempha, n'chifukwa chake mantha amatsegula m'mimba. Ululu nawonso umakonzedwa mu ubongo, ndipo ubongo ukhoza kuukweza kapena kuutsitsa. Hypnosis imangogwira pamenepo.

Ndipo chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti funso lanu la mphamvu zobisikali linayankhidwa kalekale. Dokotala wina wa Chijeremani, Franz Mesmer, ankanena ku Paris kuti ali ndi mphamvu yosaoneka yochiritsira anthu. Mu 1784 mfumu ya ku France, Louis XVI, inasankha akatswiri kuti akafufuze, mwa iwo munali Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier. Wophunzira wa Mesmer anati waika mphamvuyo mu mtengo umodzi m'munda, iwo anamanga mnyamata nsalu kumaso n'kumuyendetsa pa mitengo ina, mnyamata uja anakomoka pa mtengo umene sunakhudzidwe n'komwe. Nkhani inathera pomwepo, mphamvu kulibe, chimene chikugwira ntchito ndi maganizo a munthu mwini. Patapita zaka, m'ma 1840, dokotala wa opaleshoni James Braid anafufuzanso bwinobwino njira imeneyi, imene lero timaitcha hypnosis, n'kuonetsa kuti chinsinsi chake ndi kuika maganizo pamodzi. Braid ameneyu ankagwira ntchito ku Manchester komweko kumene kuli msuweni wangayu. Ndipo ndi ku Manchester komwekonso kumene dokotala Peter Whorwell ndi anzake anatulutsa kafukufuku mu 1984 woonetsa kuti odwala IBS amene mankhwala anawakanika ankapeza bwino ndi hypnotherapy. Mwanayu anali pa gwero penipeni pa thandizo, inu n'kumubweza ndi voice note.

Bungwe la madokotala la British Medical Association linavomereza hypnosis mu 1955. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a kachiritsidwe ku England, limanena kuti wa IBS amene watha miyezi 12 mankhwala osamuthandiza akhoza kutumizidwa ku hypnotherapy. Ku Liège ku Belgium, dokotala Marie-Elisabeth Faymonville anayamba mu 1992 kuthandiza anthu pa opaleshoni, ngakhale ya chithokomiro, ndi hypnosis pamodzi ndi jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo ndi mankhwala ochepa okhazika mtima pansi, munthu ali maso. Amaigwiritsanso ntchito pochepetsa ululu potsuka mabala a moto, kwa oopa dokotala wa mano, kwa a nkhawa, kwa amayi oyembekezera pokonzekera kuchira. Madokotala onsewa ndi afiti? Anamwino onse otsuka mabalawa ndi a sataniki? Ayi ndithu, tisamachititse manyazi.

Za bambo wolira ngati tambala uja. Zija ndi zisudzo, anthu analipira pakhomo kuti akaseke. Wochititsa masewerowo amaitana odzipereka okha, amawayesa kaye, ouma mutu amawabweza kukakhala pansi, amatsala ndi omvera msanga amenenso akudziwa kuti abwera kudzasangalatsa gulu. Anthu amene hypnosis imawagwira kwambiri ndi ochepa, 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse, ambirife tili pakatikati, ena siiwagwira n'komwe. Ku Britain masewero amenewa ali ndi lamulo lake lawolawo la 1952. Kutenga vidiyo ya pa siteji n'kuopsezera nayo munthu wopita kuchipatala ndi nkhanza, ndikubwereza, ndi nkhanza.

Musandimve molakwa, sindikuti imachiza chilichonse. Malungo saimva, HIV siimva, shuga ndi khansa sizichoka ndi mawu, ndipo aliyense wokuuzani kuti siyani ma ARV ndikupangeni hypnosis ameneyo ndi chigawenga, m'thaweni. Za kusiya fodya umboni wake ndi wosakanikirana, ena zimawathandiza ena ayi. Kukumbutsira munthu zinthu zakale siidalirika, ikhoza kumupangitsa kukumbukira zimene sizinachitike n'kumalumbira kuti n'zoona. Wodwala matenda a maganizo aakulu, amene amamva mawu kapena kuona zinthu zoti kulibe, sayenera kuiyesa popanda dokotala wake. Ndipo akuba ovala tayi aliponso, odzitcha akatswiri ataphunzira masiku awiri pa intaneti. Mukanamufunsa msuweni wanga kuti munthuyo ali ndi mapepala, wakutumiza ndi dokotala weniweni, ndikanaombera m'manja. Amenewo ndiye mafunso a munthu wokonda m'bale wake. Koma inu simunafunse kanthu, munangolumphira pa ziwanda. Safunsa anadya phula.

Mwina ndi mafilimu anatiwononga, mwina kusukulu sanatiphunzitse za ubongo, zilibe kanthu. Foni yomweyo mukujambulira voice note ili ndi intaneti.

Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera, palibe wakuletsani. Koma pemphero silinaletsepo munthu kupita kuchipatala. Mukadwala dzino mumakalandira jakisoni, mukapita ku opaleshoni amakugonekani tulo tenitenti mpaka osadziwa dzina lanu ndipo simunena kuti ndi ufiti. Nanga bwanji ichi chimene munthu amakhala ali maso, akumva, akutha kukana, ndiye chakhala cha mdima?

Ndipo khalidwe limeneli la kuti chilichonse chimene sitikuchimvetsa ndi ufiti latipweteka kale kwathu kuno, si nkhani yoseketsa. Ku Neno mu 2016 agogo anayi a banja limodzi anaphedwa chifukwa mtsikana anamwalira ndi mphenzi. Mphenzi, abale! Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa, mpaka a UN anachotsako antchito awo. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti koma tsiku ndi tsiku timangonena ngati moni. Mwana wa khunyu akagwa, ziwanda. Agogo akayamba kuiwala n'kusochera usiku, agwa pa ndege ya ufiti, anthu n'kutola miyala m'malo mowafunditsa chitenje n'kuwaperekeza kwawo. Ndipo oyamba kuponya mavidiyo ake pa magulupu ndi ife tomwe, ophunzira, a mafoni odula.