Akufuna mawa, koma pulani asintha usiku

Abale anga, kumudzi akamva kuti ndili ku Galway, ku Ireland, ndipo ndimapanga zipangizo za kuchipatala, amaganiza kuti ndimavala jasi yoyera. Ayi ndithu. Ndimaima pa makina a CNC, odula zitsulo moyendetsedwa ndi kompyuta, tsiku lonse, zovala zikununkha coolant, madzi oziziritsira podulapo, kusema tizitsulo ta makampani ongoyamba kumene.

Mzinda uno ndi wa zimenezi. Makampani akuluakulu a zipangizo za kuchipatala, Medtronic ndi Boston Scientific, ali ndi mafakitale kuno, ndipo anyamata ambiri otibweretsera ntchito adachokera komweko kapena kuyunivesite. Nzeru ali nazo, sindikana. Chimene chimanditopetsa ndi mapulani awo.

Munthu wajambula pa kompyuta chogwirira catheter, kapaipi kolowetsa m'thupi la wodwala, prototype chabe, yongoyeserera, yoti akaonetse anthu oika ndalama, koma paliponse walemba kuti muyezo usaphonye kuposa 0.01 mm. Paliponse! Ngakhale pamalo pongogwira dzanja, posakumana ndi chitsulo china chilichonse. Tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi pafupifupi 0.07 mm, ndiye taganizani. Muyezo wotere suutsimikiza chitsulo chikadali chotentha, chifukwa chimafutukuka. Udikire chizizire, upite nacho kuchipinda cha makina opimira a CMM chomwe amachisunga pa madigiri 20, upime bowo lililonse. Maola akupita, mtengo ukukwera. Ndikawauza kuti apa 0.1 ikwana ndipo mulipira zochepa, amandiyang'ana ngati ndikuzemba ntchito. Abwana akabwera n'kunena mawu omwewo, onse kugwedeza mitu, ati ndi maganizo abwino. Ine ndili pomwepo, manja akuda ndi oyilo.

Ndiye pali chikondi chawo cha titanium. Aliyense akufuna mtundu wake wotchedwa Ti-6Al-4V, chifukwa ndi imene imatchuka pa zoika m'thupi. Koma kachipangizo koyamba, kongoonera ngati kakukwana m'manja mwa dokotala, aluminiyamu ikanatha bwinobwino. Titanium simwaza kutentha, konse kumatsalira pa mpeni wa makina, mpeniwo n'kutha msanga. Uyenera kudula pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Zinyenyeswa zake zopyapyala zimatha kuyaka, ndipo moto wake suzimitsa ndi madzi. Zonsezi iwo sadziwa, amangofunsa kuti bwanji simunathe.

Chowawa koposa ndi imelo ya Lachisanu madzulo. Rev C, kutanthauza kuti pulani asinthanso. Bowo lasuntha theka la milimita. Pamenepo n'kuti nditakonza kale makina, kulemba pulogalamu, kupanga chomangira, tizitsulo tili patebulo kudikira kupimidwa. Tonse m'bini. Ndipo akufunabe Lolemba, poti ali ndi msonkhano ndi eni ndalama. Ikafika nkhani yolipira, changu chonse chija chimazilala, amati tidikire ndalama zawo zilowe. Abwana akadandaula, ovataimu yathu ndiyo imayamba kudulidwa, pomwe mwini nyumba kuno sadikira munthu, ndipo lendi ya Galway ndi yosayamba.

Za mapepala sindidandaula. ISO 13485, muyezo wa makampani opanga zipangizo za kuchipatala, imafuna kuti zinthu zizilondolozeka, choncho chitsulo chimabwera ndi satifiketi yokhala ndi nambala ya gulu la zitsulo zimene chidasungunulidwa nazo limodzi. Kuyambira 2021, pomwe malamulo a MDR, okhudza zipangizo za kuchipatala, adayamba kugwira ntchito ku Ulaya, zinthu zidakhwima. Zili bwino, pajatu zina mwa izi zidzalowa mumtsempha wa munthu. Koma anyamata omwewo, olimbikira 0.01 mm pa chogwirira, amabwera ndi chitsulo chogula pa intaneti, chopanda pepala, ati ndi 316L, mtundu wa chitsulo chosachita dzimbiri, tingodulapo kuti asunge ndalama. Pofunika kukhwimitsa amafewetsa, posafunika ndiye amaumirira.

Mwina mukuti bwanji osawalalatira. Pemiti yanga yantchito ili ndi dzina la kampani, achimwene. Ndimangomwetulira, n'kulemba pafomu kuti chitsulocho chilibe satifiketi, iwo asayine okha.