Ku Joni amateteza munthu, ife timateteza firiji

Ndadzigwira masiku atatu kuti mkwiyo uyambe waphwa, koma sukuphwa, ndiye ndingolemba. Lamlungu lapitali mwana wa achemwali anga, kamtsikana ka zaka 9, kanagwidwa ndi magetsi pa ketulo. Kanali kakutsuka mbale, manja onyowa, mapazi ali pa simenti opanda nsapato. Kungogwira ketulo yachitsuloyo kuti kaisunthe, dzanja linakanirira pomwepo. Mwayi wake mayi ake anali pafupi ndi bokosi la magetsi, anathamanga n'kugwetsa main switch. Mwanayo ali bwino, kuchipatala anamuona. Koma zimene ndinapeza m'bokosimo ndi zimene zandilembetsa.

Earth leakage, kachipangizo kodula magetsi akayamba kuthawira kwina, inalimo. Yatsopano ndithu, yoyera bwino, kabatani kake koyesera kolemba T kali pomwepo. Koma mawaya anailambalala, inangokhala ngati chokongoletsa. Ndinafunsa achemwali kuti zatani apa. Iwo anati, "Achimwene, chinthucho chinkangotizimitsira magetsi, mwina kawiri katatu pa tsiku. Amisiri amene tinawaitana anati n'chovuta, ndiye anachilumpha." Ndikutembenuka, ndikuona kuseri kwa firiji kuli fridge guard, kagetsi kake kobiriwira kakuyaka monyadira. Pa TV palinso ina. Firiji ili ndi mlonda, TV ili ndi mlonda, mwana alibe.

Inu amene munakhalako ku Joni mukuidziwa earth leakage, ndipo ambirife tinkaitukwana. Ine ndinagwirako ntchito yoika matailosi zaka 6. M'kachipinda kamene ndinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya eni, mnzathu wina akangolumikiza kasitovu kake kakale, phi, bwalo lonse mdima. Uyambe kugogoda kwa eni nyumba usiku kuti akakweze. Tinkati azungu awa anatipangira chinthu chamantha. Ndinasintha maganizo tsiku lina kuntchito, ndikudula tailosi ndi grinder pamalo ponyowa. Nthambo inali itang'ambika penapake, ine osaona, ndipo ndinaigwira pomwepo poikoka. Ndinangomva ngati wina wandimenya khofi pamkono, kenako zii, earth leakage yagwa, makina onse aima. Ndinakhala pansi ndikunjenjemera, koma wamoyo. Kapitawo anabwera, anadula nthamboyo pakati ndi pulayazi kuti wina asadzaitolenso, basi ntchito n'kupitirira.

Kwathu kuno anthu ambiri amaganiza kuti breaker ndiye chitetezo chonse. Ayi abale. Breaker imateteza waya kuti asatenthe n'kuyatsa nyumba. Yolemba 20A imadikira mpaka magetsi adutse ochuluka kuposa 20 amps, amene ndi 20,000 mA. Pomwe thupi la munthu, pa 10 mA pokha dzanja layamba kale kukana kutambasuka, ndipo kuyambira cha pa 50 mA, akadutsa pachifuwa, mtima ungasokonekere kagundidwe. Ndiye mwana akhoza kuuma pa ketulo breaker ili phee, osadziwa n'komwe kuti kunja kukuchitika zinthu. Earth leakage ntchito yake ndi ina. Imayerekeza magetsi amene akupita pa waya wa live ndi amene akubwerera pa neutral. Akasiyana ndi 30 mA, imadziwa kuti ena athawira kwina, mwina m'madzi, mwina mwa munthu, ndipo imadula sekondi isanathe n'komwe. Ikamagwa pafupipafupi sikuti ikuvuta, ikukuuzani kuti m'nyumba muli chinthu chimene chikudontha magetsi. Kuilumpha kuli ngati kupha galu chifukwa akuuwa usiku, wakuba ali pawindo.

Anzathu a ku South Africa sanasiyire nkhaniyi mtima wa mwini nyumba. Malamulo awo oika mawaya, SANS 10142-1, amafuna kuti masoketi akhale kuseri kwa earth leakage yosaposa 30 mA. Ndiye pali chipepala chija cha CoC, chotsimikizira kuti mawaya a nyumba anayezedwa ndipo ali bwino. Malamulo a 2009 amati nyumba isasinthe umwini ngati chipepalacho chapitirira zaka 2, kutanthauza kuti wogulitsa amene chipepala chake ndi chakale amayenera kuitana mmisiri wovomerezeka kudzayeza. Wolumpha earth leakage amadzagwidwa tsiku limenelo. Komanso chipangizochi chili ndi mbiri komweko. M'zaka za m'ma 1950 injiniya wina, Henri Rubin, ndiye anakonza mtundu wake womva msanga chifukwa cha ngozi za ku migodi ya golide, ndipo nyumba zoyamba kuikidwa chipangizochi mochuluka zinali za m'mudzi wa mgodi wa Stilfontein. Taganizani, nthawi imeneyo agogo athu a Wenela anali m'migodi yomweyo. Anabwera ndi njinga, mawayilesi ndi majekete, koma ichi chinatsalira komweko, ndipo ife adzukulu tikachipeza m'bokosi tikuchilambalala.

Musandimve molakwa, malamulo tili nawo. Bungwe loyang'anira za magetsi la MERA limapereka ziphaso kwa amisiri oika mawaya, ndipo nyumba zambiri zatsopano earth leakage imakhalamo. Vuto ndi ife eni nyumba magetsi akangolowa. Chinthu chikavuta timaitana aliyense amene ali ndi tesita m'thumba la malaya, chiphaso osafunsa, bola akhale wachangu komanso wosavuta pokambirana. Safunsa anadya phula. Ndipo mmisiri wotereyu amadziwa kuti kufufuza pamene pakudontha ndi ntchito ya maola, kuchotsa chipangizo chilichonse pachokhapachokha, kuyeza dera lililonse, pomwe kulumpha ndi mphindi 5 ndipo mwini nyumba amuthokoza.

Tsopano ndivomere pamene tikuwaposa, chifukwa palipo. Pulagi yathu ya mano atatu amakona ija ndi yabwino kuposa chipulagi chawo chozungulira. Yathu tinatengera ku Britain, muyezo wake ndi BS 1363 wa 1947, ndipo amene anaiganiza anali ndi ana m'maganizo. M'kati mwake muli fyuzi. Dzino la earth, lothawitsira pansi magetsi odontha, ndi lalitali kuti liyambe kulowa ndi kutsiriza kutuluka, ndiponso ndi lomwe limatsegula timazenera totseka mabowo awiri apansi, kuti mwana akatosa ndi msomali asapeze kanthu. Mano awiriwo ali ndi pulasitiki cha kutsinde kuti zala zisakhudze chitsulo pozula. Chipulagi cha ku Joni fyuzi mulibe, ndi chachikulu ngati chibakera, ndipo eni ake akuchisiya pang'onopang'ono, kuyambira 2018 nyumba zatsopano zikuikidwa masoketi a mtundu wina waung'ono. Ndiponso sikuti konse ku Joni n'kwadongosolo. Amene munagonako m'tinyumba tamalata mukudziwa mawaya aja a izinyoka, olumikiza mozemba, oyenda pansi poyera, ana akudumphadumpha pomwepo. Kumeneko CoC sadziwika.

Koma pulagi yabwinoyo timaichita zotani? Fyuzi ikapsa timakulunga ndi kawaya, ena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ena msomali weniweni. Amene amagula fyuzi amagula ya 13A basi, kuika pa chilichonse, pomwe nyale kapena wayilesi imafuna ya 3A. Ya 13A ndi ya zinthu zolemera ngati ketulo ndi ayironi. Ketulo ya 2000W imakoka pafupifupi 9 amps payokha, ndiye mukailumikiza pa extension imodzi ndi ayironi ndi hotplate, musadabwe pulasitiki ikayamba kununkha. Timazenera toteteza ana tija ndiye timatitsegula tokha ndi chivindikiro cha cholembera kuti tilowetse tchaja ya mano awiri. Ena pulagi sayifuna n'komwe, mawaya awiri osenda, timitengo ta machesi totsinira, zatheka.

Apa ndiyenera kuulula tchimo langa. Ketulo imene inagwira mwanayo ndinabweretsa ndine kuchokera ku Joni, mphatso kwa achemwali. Chipulagi chake sichinkalowa pa soketi yathu, ndiye anagula kaadaputala. Nditakamasula Lamlungu lija, dzino lake la earth linali lapulasitiki, longotsegulira timazenera, losalumikiza kanthu. Ndiye ketulo yachitsulo inakhala zaka popanda earth. Itayamba kudontha m'kati, magetsi analibe kothawira, anangokhala pachitsulopo kudikira dzanja. Ikanakhala ndi earth, akanathawira pansi. Earth leakage ikanakhala yolumikizidwa, ikanadula. Zitseko ziwiri zonse tinazisiya pululu, china ine, china mmisiri uja. Ndikanangodula chipulagicho tsiku loyamba n'kuika yathu, waya wa bulauni ku fyuzi, wa buluu ku neutral, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali, bwenzi nkhani ilibe.

Zomwezi zimachitika ndi katundu wochokera ku Mozambique. Kumeneko mapulagi ambiri ndi a mano awiri ozungulira, a ku Ulaya, ndipo amene ali ndi earth imakhala pa tizitsulo ta m'mbali. Mukaikakamiza pa soketi yathu, chipangizo chiyaka bwinobwino koma tizitsulo tija sitikhudza kanthu, earth yatayika inu osadziwa. A ku Zambia ndi Tanzania ndi abale athu pankhaniyi, 230V ndi pulagi yamakona ngati ife, ngakhale m'nyumba zakale umapezamonso masoketi ozungulira. Za iwo ndilibe nazo mawu ambiri.

Kuntchito ndiye kusiyana kumaonekera patali. Pamalo omanga akuluakulu ku Joni, wopanda jombo ndi chipewa cholimba pageti salowa. Wamagetsi asanagwire waya amagwetsa breaker, n'kuikapo loko wake, kiyi m'thumba, ndi kachikwangwani ka dzina lake, kuti wina wofuna kutchaja foni asakweze iye ali pamwamba. Akatero amayezabe ndi chida choyezera kuti atsimikize kuti magetsi achokadi. Magolovesi ake si aja omangira njerwa. Ndi a labala, olembedwa kalasi, 00 ndi ya 500V, 0 ndi ya 1000V, ndipo asanavale amawapinda kuti mpweya udzaze aone ngati pali kabowo. Masikuludiraiva ndi mapulayazi amakhala olemba 1000V pachogwirira. Makwerero achitsulo pafupi ndi mawaya samawalola, mphete ndi wotchi amavula. Kuno ndaonapo munthu atakwera pa mgolo, patapata kumapazi, pulayazi yokulunga ndi tepi, akuyeza waya ndi kunsi kwa chala. Ukamufunsa akuti, "Aaa bwana, ife magetsi anatizolowera." Magetsi sazolowera munthu. Ndipo katesita kamagetsi ofiira kamene timakakhulupirira kaja kamanama, padzuwa sikaoneka, ukaima pouma nthawi zina sikayaka waya ali wamoyo. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito tili nalo kuyambira 1997, ndipo limapereka udindo kwa olemba ntchito, koma wantchito amene angalimbe mtima kuuza abwana kuti sindikwera popanda magolovesi ndi ndani, pageti pali ena 10 akudikira?

Komanso kuti ndisawakometse kwambiri, ku Joni komweko ife alendo a maganyu nthawi zambiri tinkapatsidwa zotsala, jombo zong'ambika, magolovesi a dzanja limodzi. Dongosolo lija limakhwima pamene pali oyendera, kumaganyu a m'makomo aliyense ndi Mulungu wake. Kusiyana kwake n'kwakuti ngakhale bwana akhale wouma mtima, earth leakage ya m'nyumba imene ukugwiramo ntchitoyo siyang'ana pasipoti.

Fridge guard sindikudana nayo. Ntchito yake ndi yomveka, magetsi akabwera imadikira mphindi zingapo kuti akhazikike isanalole firiji kuyaka, ndipo akakwera kapena kutsika mopitirira imadula. Kuzimazima kwa magetsi tinakuona kale ife, a ku Joni anachita kuphunzira mochedwa ndi load shedding yawo, ndipo pamenepo tikhoza kuwaphunzitsa. Chimene chikundiwawa ndi ndondomeko ya kagulidwe. Timayamba ndi chimene chingatiwonongere katundu, chifukwa firiji ikapsa timaiona ndipo imatipweteka m'thumba. Ngozi ya munthu timati ndi tsoka, kapena tiyambe kuloza zala anthu oyandikana nawo.

Lachiwiri tinaitana mmisiri wina, ndipo ulendo uno chiphaso ndinachiona ndi maso anga asanatsegule chikwama. Analumikizanso earth leakage ija, anayeza ndi makina ake kuti aone ngati ikugwa pa nthawi yake, kenako anatuluka panja kukafukula pamene panakhomedwa chitsulo cha earth. Waya wake anali atadyeka ndi dzimbiri, atatsala kulendewera ndi tinsinga tiwiri. Anasintha. Ketulo ndinaiphwanya ndi hamala kuti wina asakaitole kudzala, kaadaputala kaja ndinasunga kuti ndizionetsa anthu. Ndinaitana achemwali kuti adine okha kabatani ka T. Anadina, nyumba yonse zii, iwo n'kudzidzimuka. Ndinati muzichita zimenezi pakapita miyezi ingapo iliyonse, tsiku limene mudzadine osagwa, muitane mmisiri tsiku lomwelo.

Mwana uja mpaka pano kukhitchini akulowa chozemba, akuti, "Amalume, ine madzi ndiziwiritsa pa mbaula." Dzulo usiku alamu anga anandiimbira foni, mawu ali okwiya pang'ono. "Alamu, chinthu chanu chija chayambanso. Ndangoti ndisite malaya a mawa, magetsi onse thi." Ndinawafunsa kuti ayironi yake ndi iti. Anati ija yakale, ya nthambo yomanga ndi tepi. Ndinati izuleni, kwezani, muone. Anazula, anakweza, magetsi anayaka. Kunali zii pafoni kwa kanthawi, kenako anati mawa apita ndi malaya osasita.