Ku France analowera pa maliro, ku Italy anakulira m'munda momwemo

Pa botolo la shampeni lija la pepala lachikasu pamalembedwa kuti Veuve Clicquot. Ambiri amayesa Veuve ndi dzina la munthu, chonsecho ndi mawu a Chifalansa otanthauza mkazi wamasiye. Mawu amenewa ndi amene anandichititsa kuyamba kufunsa kuti amayi a m'mayiko awiri oyandikanawa, France ndi Italy, minda ya mpesa anaipeza bwanji.

Barbe-Nicole Ponsardin anali ndi zaka 27 pamene mwamuna wake François Clicquot anamwalira mu 1805. Malamulo a Napoleon a 1804 ankamuona mkazi wapabanja ngati mwana: sakanasaina pangano kapena kuchita malonda mwamuna asanavomere. Koma wamasiye anali pa ufulu. Apongozi ake aamuna anamuwonjezera mpamba, iye n'kugwira ntchito ngati wobadwira momwemo. Mu 1814, nkhondo isanazizire n'komwe, anatumiza mabotolo oposa 10,000 ku Russia anzake akadali kudikira kuti kunja kuche. Cha m'ma 1816 nyumba yake inatulukira njira yoyeretsera shampeni: kuzondotsa mabotolo m'mabowo a thabwa, n'kumawapotoza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku mpaka nsenga zonse zitatsikira kukhosi kwa botolo. Njirayi ikugwirabe ntchito lero, ngakhale kuti ambiri anaisiyira makina.

Louise Pommery nayenso analowa ntchitoyi ataika mwamuna wake mu 1858, ndipo mu 1874 anatulutsa shampeni wosatsekemera pa nthawi imene ochuluka ankathira shuga wambiri. Lily Bollinger anatenga nyumba yawo mu 1941, mwamuna atamwalira, dziko lili m'manja mwa asilikali a Germany. Anaiyendetsa zaka 30, akuyendera minda pa njinga yakapalasa.

Afalansa amanyadira amayiwa, ndipo m'pake. Koma ine nkhaniyi imandiwawa. Nanga amayi aluso lomwelo amene amuna awo anakhala ndi moyo mpaka kukalamba, mayina awo ali kuti? Mpaka 1965, mkazi wapabanja ku France sankatha kulowa ntchito kapena kutsegula akaunti ku banki mwamuna akakana. M'madera ena munali chikhulupiriro chakuti mkazi akalowa m'chipinda cha migolo ali kumwezi, vinyo asasa. Ife amene tinakula tikumva za mdulo ndi kuthira mchere m'ndiwo sitingadabwe nazo kwenikweni. Chodabwitsa n'chakuti kwathu kuno kufulula masese, kuphika thobwa ndi kutcheza kachasu ndi ntchito ya amayi kuyambira kale, ndipo palibe amene anakayikirapo dzanja lawo.

Mukadutsa mapiri a Alps kulowa Italy, mbiri imasintha. Kumeneko amasiye otchuka a zaka za m'ma 1800 simuwamva kawirikawiri. Amayi anachedwa kuonekera, koma atabwera anabwera ngati ana a pamudzipo. Banja la Antinori ku Tuscany lakhala likupanga vinyo kuchokera mu 1385, mibadwo 26. Piero Antinori anabereka ana aakazi okhaokha atatu, Albiera, Allegra ndi Alessia, ndipo mpando anaupereka kwa Albiera iye akadali moyo, akuona ndi maso ake.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Donatella Cinelli Colombini. Mu 1998 makolo ake anamugawira minda iwiri, wina ku Montalcino, wina ku Trequanda. Anafunsa ku sukulu ya za vinyo ku Siena ngati angamupezere wophunzira wabwino woti amulembe ntchito. Anamuyankha kuti anyamata onse anatengedwa kalekale. Atafunsa za atsikana, anapeza kuti alipo angapo, okhoza bwino, koma palibe amene akuwafuna. Iye sanakangane ndi munthu. Analemba akazi okhaokha m'nyumba yake yopangira vinyo ya Casato Prime Donne, yoyamba ya mtundu umenewu ku Italy, ndipo vinyo wawo wa Brunello amagulidwa kunja ngati wa wina aliyense wa ku Montalcino. Mayi ake a Donatella, Francesca Colombini, anali atayendetsa kale munda wa mpesa wa Fattoria dei Barbi zaka zambiri, choncho mwanayu anakula akuona mkazi akulamula m'munda.

Amayi a ku Italy anafulumiranso kugwirana manja. Bungwe lawo la Le Donne del Vino linayamba mu 1988 ndipo lili m'dziko lonse, mamembala oposa 1,000. Anzawo a ku France anayamba ndi timagulu ta m'zigawo, monga Femmes et Vins de Bourgogne ka mu 2000.

Ndisawalakwire Afalansa. Malamulo omwe aja a 1804 ananena kuti ana onse, aamuna ndi aakazi, azigawana chuma cha makolo mofanana. N'chifukwa chake munda wa Clos de Vougeot ku Burgundy, wa mahekitala pafupifupi 50, uli ndi eni ake pafupifupi 80. Mwana wamkazi ankalandira mizere yake ya mpesa, kungoti nthawi zambiri woilima ndi kuika dzina pa botolo anali mlongo wake. Ana aakazi a Georges Mugneret ku Vosne-Romanée, Marie-Christine ndi Marie-Andrée, anagwira okha munda wa Mugneret-Gibourg pamodzi ndi mayi awo bambo atamwalira mu 1988, ndipo vinyo wawo lero ndi wolimbirana. Nayo Italy ili ndi chilema chake: ku South Tyrol, kumene munda wa banja sugawidwa koma umapita kwa mwana mmodzi, lamulo linkatsogoza mwana wamwamuna mpaka 2001.

Komabe mukandifunsa, ine ndili mbali ya Italy, makamaka chifukwa cha zimene ndaona kwathu. Kumene kuli chikamwini munda umayenda ndi mbumba, koma wolamula fodya ndi ndalama zake amakhala wina. Kumene kuli chitengwa, mayi amene walima munda zaka 30 amatha kulandidwa maliro asanathe, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa. Sindifuna kuti luso la mwana wanga wamkazi lidikire bokosi la munthu.

Elisabetta Foradori wa ku Trentino anazidziwa mbali zonse ziwiri. Bambo ake anamwalira iye ali mwana, mayi ake n'kusunga mundawo mpaka iye atamaliza sukulu ya za vinyo ndi kuutenga mu 1984, asanakwanitse zaka 21. Anakakamira mphesa za kwawo za teroldego, zimene anzake ankalima pongofuna kudzaza migolo, mpaka vinyo wake Granato anamveka kunja kwa Italy. Lero ntchito yambiri anaisiyira ana ake, Emilio, Theo ndi Myrtha, iye ali wamphamvu ndithu, ndipo nthawi yake yambiri imathera pa kupanga tchizi cha mkaka wa ng'ombe zotuwa za m'mapirimo.