Musamauze ana kuti digiri ndi pepala chabe

Masiku ano ndikumaona mawu amodzimodzi akuzungulira paliponse, akuti digiri ndi pepala chabe, anthu olemera kwambiri padziko lapansi anasiyira sukulu panjira. Pansi pake amaikapo chithunzi cha Bill Gates kapena Mark Zuckerberg. Mawu amenewa amandiwawa mumtima, chifukwa amene amawamva n'kuwakhulupirira ndi mwana wa chaka chachiwiri ku koleji, amene fizi yamuvuta, watopa, ndipo akungofuna wina amuuze kuti kusiya si kulakwa.

Tiyeni tinene zoona za anthu awiriwa. Gates anachokadi ku yunivesite ya Harvard mu 1975 n'kukayambitsa Microsoft limodzi ndi Paul Allen. Koma kuti munthu achoke ku Harvard, ndiye kuti anayamba wasankhidwa kaye kupitako. Bambo ake anali loya wodziwika ku Seattle, mayi ake ankakhala m'mabodi a makampani. Pasukulu yake ya Lakeside ana anali atayamba kale kugwiritsa ntchito kompyuta mu 1968, iye ali ndi zaka 13, nthawi imene anthu ambiri anali asanaionepo n'komwe. Zuckerberg naye anachoka ku Harvard komweko mu 2004, Facebook itayamba kale kufalikira m'mayunivesite ena. Anasiya sukulu ali ndi chinthu m'manja, ndipo zikanakanika anali ndi kobwerera. Nanga mwana amene tikumuuza kuti atengere chitsanzo chawoyu, zikamukanika abwerera kuti?

Tsiku lina kuntchito anandipempha kuti ndithandize kusanja makalata a anthu ofunsira ntchito. Malo anali awiri okha, makalata mulu wodzaza tebulo. Abwana anangoti, “Amene alibe digiri muwaike pambali kaye.” Ndili mkati mosanja ndinagwira kalata ya mnyamata wina amene anali atagwira ntchito yomweyo kwa zaka zisanu ndi chimodzi kwina, ndipo amene anali bwana wake anamulembera umboni wabwino zedi. Ndinainyamula n'kupita nayo. “Bwana, uyu bwanji tingomuitana timumve?” Anaiyang'ana pang'ono n'kundibwezera. “Tikayamba zimenezo lero sitimaliza.” Kalata ija inalowa m'katoni pamodzi ndi zinzake. Mpaka pano dzina la mnyamatayo ndimalikumbukira, koma nkhope yake sindinaionepo.

Abwanawo sanali munthu woipa mtima. Wolemba ntchito sakudziwa iwe, ndipo alibe nthawi yoti akudziwe. Michael Spence, katswiri wa zachuma amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2001, anafotokoza zimenezi kalekale mu 1973: maphunziro amagwira ntchito ngati chizindikiro chouza wolemba ntchito kuti munthuyu anayamba chinthu chovuta n'kuchimaliza. Chizindikiro chimenechi chimaphonya anthu abwino ambiri, ngati mnyamata uja. Koma ndicho chimagwiritsidwa ntchito makalata akachuluka.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mwana wa munthu wodziwika ali ndi womuimbira foni, womutchula dzina m'chipinda chimene iye sanalowemo. Mwana wa mphawi alibe. Chomuyankhulira iye kulibe ndi pepala lomwelo limene tikulinyozali. Tikamuuza kuti alitaye, tikumulanda mboni yokhayo imene anali nayo.

Sindikunena kuti digiri ndi luso ayi. Ndaonapo anthu a madigiri awiri akulephera kulemba lipoti lomveka. Ndaonanso kuti ukagwira ntchito zaka zingapo, palibe amakufunsanso kuti unakhoza bwanji. Amaona ngati umasunga nthawi, ngati zimene walonjeza umazichita, ngati anzako amatha kugwira nawe ntchito. Ndiponso si ntchito zonse zimene zimadzera ku yunivesite. Ku Germany achinyamata ambiri amaphunzira ntchito zamanja ndi za muofesi ali pakampani masiku ena, masiku ena kusukulu ya ntchito, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, akulandira kangachepe, ndipo pomaliza amatenga satifiketi yolemekezeka m'dziko lonselo. Taonani, nawonso amatuluka ndi pepala. Makampani ngati IBM ndi Google anachotsadi digiri pa zofunika za ntchito zina, koma amafuna uwaonetse zimene unapanga kale ndi manja ako. Za udokotala, unamwino, uloya ndi uinjiniya ndiye sitingakambe n'komwe, kumeneko njira yachidule kulibe.

Ngati tikufuna kuthandiza achinyamata, tiwauze zoona zake: asankhe maphunziro maso ali poyera, afunse kuti amene anamaliza kosi imeneyo akugwira ntchito yanji, awerengere bwino ngongole asanaitenge, ndipo ali kusukulu komweko ayambiretu kugwira tintchito toti adzaonetse. Malangizo otere ndingawavomereze. Koma oti siya, Gates anasiyanso, ayi ndithu.

Ndimakumbukira William Kamkwamba. Anasiya sekondale chifukwa cha fizi, n'kupanga makina a mphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14, atadziphunzitsa yekha ndi mabuku a mulaibulale. Ngati pali munthu amene akanati sukulu ilibe ntchito, ndi iyeyo. Koma mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi, mpaka anamaliza digiri ku Dartmouth College mu 2014. Ine sindinamvepo munthu amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi akunena kuti digiri ndi pepala chabe. Onena mawuwa nthawi zambiri amakhala kuti yawo ili m'kabati, ndipo ana awo ali kusukulu.

Kuntchito kwathu kuli bambo ena amene anandiphunzitsa ine ntchito nditangofika. Aliyense akathedwa nzeru amathamangira kwa iwo. Kawiri konse udindo unatuluka, ndipo kawiri konse anawadumpha chifukwa malamulo ankafuna digiri. Wachiwiri amene anapatsidwa udindowo anali mtsikana amene iwo omwe anamuphunzitsa. Anamuyamikira bwinobwino pamaso pa tonse, koma tsiku limenelo anaweruka osatsanzika aliyense. Chaka chatha, ali ndi zaka zoposa 45, analembetsa maphunziro a madzulo. Nthawi yopuma masana ife tikamatuluka, iwo amatsala padesiki, magalasi ali pamphuno, akulemba manotsi m'kope. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, “Bambo, simukutopa?” Anati, “Ndikutopa kwambiri, mwanawe. Zatsala zaka ziwiri.”