Wogulitsa chamba agwidwe, koma mwanayo akumudikira ndani kunyumba?

Abale anga a ku Ntcheu ndi ku Dedza, nkhani ya chamba ndi midoli pakati pa ana athu ikundiwawa mumtima.

Timathamangira kunena kuti apolisi agwire ogulitsa. Agwidwe ndithu. Lamulo la 2020 linangololeza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kusuta n'koletsedwabe. Komatu boma litaletsa masacheti, mowa uja unangosamukira m'timabotolo, ndipo kachasu akutchezedwabe m'midzimu. Pamene pali wogula, wogulitsa sasowa.

Ine maso anga ali pa mwanayo. Pitani pa Lizulu tsiku la msika. Mnyamata wa zaka 15 wakhala akusenza matumba a mbatatesi chim'mawire, madzulo ndalama ili m'thumba, chisanu cha mu June chayamba kuluma, ndipo kwawo palibe womufunsa kuti waswera bwanji. Omuitana ndi dzina lake n'kumusendera pamoto ndi anzake osuta aja. Ndiye mukuti awakanire bwanji?

Ana amene ndimawaona akukana ndi omwe ali ndi chinthu chomwe akuopa kutaya. Wina bambo ake anamudulira mizere yakeyake kudimba, kabichi akagulitsa ndalama n'njake, moti m'mawa amafuna kudzuka mutu uli bwinobwino kuti akathirire. Wina ndi goloboyi wa timu ya m'mudzi, akajomba kochi amafika pakhomo kudzafunsa. Wina amatsogolera nyimbo pa ingoma kapena kukwaya, wina akuphunzira ukalipentala. Maphunziro a ntchito zamanja a bungwe la TEVETA ndi abwino, koma safikira aliyense, choncho telala ndi wowotcherera zitsulo wa pa tauni atengeko mwana mmodzi. Atsikana tisawaiwale, nawonso akumwa, kungoti amabisa.

Inu amalume anzanga, umalume wathu wangotsala wa pachinkhoswe ndi pamaliro. M'mera mpoyamba. Muphwanu muzicheza naye asanalakwe, kuti tsiku limene anzake amupatsa ndudu adzathe kukuuzani osaopa mbama. Mwana amene amangomva kukalipa amaphunzira kubisa basi.

Mafumu athu, zikomo, bwalo la mpira lija musalole kuti lilimidwe kapena kudulidwa mapuloti. Ndipo mwana amene wayamba kale kusuta tisamutchule wamisala n'kumutaya, timuperekeze kuchipatala cha boma akaonane ndi a zaumoyo wa maganizo.