Kuno ku Joni kulibe chikuta

Zikomo alembi a nkhani ya matenda a maganizo omwe amagwira amayi ena akangobereka (postpartum depression) ponena poyera kuti vutoli limayambira mu ubongo, si ulesi kapena kulodzedwa ayi. Mwana akangobadwa, mahomoni a estrogen ndi progesterone amatsika mwadzidzidzi m'thupi mwa mayi, pamodzi ndi allopregnanolone amene amathandiza kukhazika maganizo pansi. Mapiritsi a zuranolone omwe anavomerezedwa ku America mu 2023 amagwira ntchito pamenepo.

Koma mwaiwala ife a kuno. Kumudzi mayi amakhala m'chikuta, amake ndi apongozi akumuphikira phala, kumufunditsira madzi, kumulandirako mwana kuti agone. Mng'ono wanga anachirira ku Rosettenville, kuno ku Joni, m'kachipinda ka lendi, mwamuna akulawirira kuntchito n'kubwera usiku. Kugona osagona. Ankangolira, kudya osafuna, mwana akalira iye n'kumangomuyang'ana. Abale pafoni ankangoti apemphere kwambiri, ineyo ndinkati akupukwa kwathu (ndimachita nazo manyazi mpaka pano). Anazindikira vutoli ndi nesi wa kusikelo.

Azibambo muli panopa, kulirako kukapitirira milungu iwiri musamati ndi matama. Pitani naye kukiliniki, kapena muimbire a SADAG, bungwe la ku South Africa lothandiza anthu ovutika maganizo.