Mpatuliro tiuphunzire kwa anthabwala

Abale ndi alongo amene tili kuno ku Johannesburg, ndikufuna ndikambe za kachizindikiro kamene ambiri a ife tidakasiya pa desiki tsiku lomwe tidalemba mayeso omaliza a Chichewa, ndiko mpatuliro, kadontho kamchira kaja. Maganizo anga ndi akuti tidakasiya chifukwa tidakaphunzira ngati lamulo louma. Tidaloweza ntchito zake pamodzi ndi za mpumiro, mfunsiro ndi mfuuliro, nkumayesa kuti zonsezo n'zokondweretsa wochonga mayeso, pamene amene angatiphunzitse bwino mpatuliro ndi munthu yemwe sitimuwerengera n'komwe pa nkhani ya maphunziro: wanthabwala uja wodzipaka nkhope, wamphuno yofiira ndi nsapato zikuluzikulu, amene kuno amamutchula kuti clown, pamodzi ndi anzake a zisudzo akwathu.

Mudzamuyang'anitsitse wanthabwala wotereyu akaitanidwa ku phwando la tsiku lobadwa la mwana, kaya ndi ku Rosettenville, ku Mayfair kapena ku Cosmo City. Amatenga mpando, nkuupukuta ndi kansalu mwaulemu wonse, nkuuika bwinobwino pakati pa bwalo, kenaka amatembenuka kuti akhalepo, mnzake atauchotsa kale. Ana onse aona kuti mpando palibe, ndipo iye akudziwa kuti aona. Sagwa nthawi yomweyo. Amapinda mawondo pang'ono, amaima, amawayang'ana anawo ngati wodabwa ndi chimene akukuwira, amakonza chipewa, ndiyeno pambuyo pake amagwa chagada, miyendo m'mwamba. Kugwako aliyense angathe, ngakhale chidakwa cha pa shabini chimagwa popanda wochilipira. Chimene makolo alipirira ndi kamphindi kaja kamene waima, chifukwa ndi m'kamphindiko mmene chiseko chimadzadzira m'zifuwa za ana. Akafulumira, ana amangodabwa. Akachedwetsa, amayamba kuyang'ana keke.

Kwathu luso limeneli tidaliona mwa Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene adatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene adatisiya mu 2021. Aliyense amene adayesapo kubwereza nthabwala zawo kwa anzake akuwadziwa manyazi amene amatsatira: mawu onse wawakumbukira, sudasiyeko ndi limodzi lomwe, koma anthu akungokuyang'ana. Chimene chasowa ndi malo opumira aja, pamene mmodzi ankafunsa, winayo nkukhala kaye duu asanaponye yankho. Nawonso agogo athu pofotokoza nthano za Kalulu ndi Fisi ankanena kachidutswa, ana nkuvomera kuti "Tili tonse", iwo nkupitiriza kachidutswa kena. Kuvomerako kunkadula nthano m'zigawo zimene mutu wa mwana ungathe kunyamula, ndipo wofotokoza waluso ankadziwa pomwe angachedwetse kuti uchitsiru wa Fisi uonekere mokwanira. Mpatuliro tinali nawo m'kamwa tisanauone papepala.

Mbiri ya chizindikirochi ikugwirizana ndi zimene ndikunenazi. Agiriki akale ankalemba mawu mondondozana popanda mpata, ndipo wowerenga mokweza ankadzipezera yekha popumira. Cha m'ma 200 Yesu asanabadwe, Aristophanes wa ku Byzantium, amene ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ya ku Alexandria, adayamba kuika madontho, lina pamwamba, lina pakati, lina pansi pa mzere, kuti wowerenga adziwe pamene apume pang'ono ndi pamene apume kwambiri. Maonekedwe a mpatuliro amene tikuwadziwa lerowa adakhazikitsidwa ndi wosindikiza mabuku wa ku Venice, Aldus Manutius, kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Choncho chizindikirochi chidabadwa kuti chithandize pakamwa ndi khutu, malamulo a galamala nkubwera pambuyo. Wanthabwala wina wa ku Denmark, Victor Borge, amene adathawira ku America mu 1940, adatchuka ndi sewero lowerenga nkhani mokweza uku akupatsa chizindikiro chilichonse kaphokoso kakekake ka pakamwa, mpumiro kake, mpatuliro kake, mfunsiro kake, dzanja likujambula m'malere. Anthu ankapita kukaseka chabe, koma ine ndimati adaphunzitsa zizindikiro kuposa mabuku ambiri, poti adakumbutsa anthu kuti zinthuzi zimamveka m'khutu.

Tsopano tione mmene timalembera m'magulu athu a pa WhatsApp, a mpingo, a anthu ochokera boma limodzi ndi a makomiti a maliro. Uthenga umabwera utadzadza foni yonse popanda popumira ndi pamodzi pomwe, moti wowerenga amabwerera kawiri katatu kufunafuna pamene ganizo loyamba lathera. Ikakhala nthabwala, vuto lake n'lochepa, chifukwa imangofa, mwini wake nkuunjika tinkhope toseka kumapeto kuti tidziwe kuti tinayenera kuseka. Koma magulu omwewa ndiwo amanyamulanso mauthenga olemera. Taganizani za mnyamata amene ali pa ntchito ku Midrand, akulembera mayi wamkulu wa mu mpingo mwake kuti, "Amayi, a Phiri atisiya." Akangoiwala kachizindikiro kamodziko, uthenga umasanduka wakuti, "Amayi a Phiri atisiya," ndipo womwalira wasintha, chifukwa m'malo mwa bamboyo tayamba kulira mayi ake amene ali moyo, akupalira chimanga kumudzi. Uthenga wa maliro sugona pa foni imodzi. Umatumizidwa ku gulu lina, nkuchokanso uko kupita kwina, ndipo pofika madzulo ena aimba kale foni ku Mangochi kupepesa maliro a munthu wamoyo, pamene nkhani yeniyeni ndi yakuti pakufunika kusonkha ndalama zonyamulira thupi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Pakamwa palibe amene angalakwitse chotere, popeza tikati "Amayi" timaima kaye tisanatule nkhaniyo. Zala zathu ndizo zaiwala chimene pakamwa pathu pamadziwa.

Palinso msampha wina umene ndi wathu ife okhala kuno. Kwathu timalemba K2,500 ndipo mpatuliro umapatula masauzande, pamene dontho ndilo limalekanitsa makwacha ndi matambala. Kuno ku South Africa, m'mabuku a sukulu ndi m'zolemba za boma, mpatuliro ndiwo umalekanitsa ma rand ndi masenti, monga R12,50, ndipo masauzande amawapatula ndi mpata, monga R2 500, ngakhale kuti masitolo ambiri amalemba ndi dontho pa mitengo yawo. Mwana wobadwira kuno, amene waphunzira masamu ku sukulu za ku Gauteng, akaona 2,500 amawerenga kuti ziwiri ndi theka, pamene amalume ake a ku Ntcheu akuwerenga masauzande awiri ndi theka. Pa mndandanda wa zopereka, kapena polembera wonyamula katundu mtengo umene mwagwirizana, kusiyana kumeneku kungathe kudanitsa anthu. Amene amati kachizindikiroka kalibe mtengo amve za ku Maine ku America, kumene madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy adapambana apilo mu 2017 pa mlandu wa malipiro a ovataimu, chifukwa chakuti m'lamulo lina munkasowa mpatuliro umodzi, ndipo mu 2018 kampaniyo idavomera kulipira madola 5 miliyoni.

Sindikunena kuti tiziwaza mipatuliro paliponse, ndipo apanso wanthabwala ndiye amationetsa malire. Amene amagwa pa sitepe iliyonse amatopetsa, ana amamuleka nkupita kukasewera panja. Alipo anzathu amene amaika mpatuliro kapena timadontho tambirimbiri pakatha mawu awiri aliwonse, ndipo nawonso amasokoneza chimodzimodzi. "Abusa abwera mawa" ndi uthenga wodziwitsa mpingo za ulendo wa abusa, koma "Abusa, abwera mawa" ndi uthenga wouza abusawo kuti kukubwera anthu ena. Kupuma pa malo olakwika n'koipa ngati kusapuma n'komwe.

Ndimaganizanso kuti nkhani ya kupumayi ndiyo imafotokoza chifukwa chake olemba nkhani zopeka ndi opanga mafilimu adakwanitsa kusandutsa munthu woseketsa ana kukhala chilombo. Nkhope yopaka zoyera idatchuka ndi Joseph Grimaldi wa ku London, amene adamwalira mu 1837, ndipo kuchokera pa dzina lake anthabwala otere ku England amatchedwa Joey mpaka lero. Kwa zaka zambiri nkhope imeneyo inkakopa anthu ku zisudzo ndi ku masewero a m'matenti, monga kunonso ankachitira a Boswell Wilkie Circus. Koma nkhani zoopseza zidaitenga nkhope yomweyo mpaka mantha ake adafika m'misewu, moti mu 2016, pamene anthu ovala ngati ma clown ankaopseza anzawo ku America ndi ku Britain, kampani ya McDonald's idayamba yachepetsa kaye kuonetsa clown wake, Ronald McDonald, pagulu. Mukamuona clown wa m'mafilimu oopsezawo, mudzapeza kuti kumwetulira kwake sikuleka. Woseketsa weniweni amamwetulira, amaleka, amachita manyazi, amakwiya, nkumwetuliranso, ndipo m'kusinthako ndimo timadziwira chimene akuganiza. Wa m'mafilimuyo amupaka kumwetulira kumodzi kosatha, ndiye sitingathe kudziwa ngati akusewera nafe kapena akutiopseza, monga momwe sitidziwira ngati uthenga wautali wopanda popumira ukutikalipira kapena ukutipempha.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti masiku ano tili ndi uthenga wa mawu, munthu amangodina nkulankhula, kupuma konse nkumveka. Zimenezo n'zoona, ndipo kwa agogo amene sadapite kusukulu njira imeneyo ndi yabwino kwambiri. Koma mayi amene ali pa ntchito ya m'nyumba ku Sandton, abwana ali pabalaza, sangatsegule uthenga wa mawu wa mphindi zinayi, ndipo amene wapanikizika mu taxi yochokera ku Bree sangafune kuti anthu onse amve za maliro a kwawo. Chimene chimawerengedwa pa zolengeza mu tchalitchi Lamulungu ndi uthenga wolembedwa, ndipo ndi womwewo umene msungichuma amabwererako pakabuka mkangano wa ndalama.

Pempho langa likupita makamaka kwa alembi a makomiti ndi kwa onse amene amalemba mauthenga otumizidwa ku magulu ambiri: musanadine potumizira, uwerengeni kaye uthengawo motulutsa mawu ngati mukuuza munthu wamkulu maso ndi maso, ndipo pamene mwaima mutatchula munthu amene mukumulankhula, pamene mwaima pakati pa zinthu zimene mukuzitchula motsatizana, ndi pamene ganizo lina lapatsana malo ndi linzake, ikanipo mpatuliro. Pa mafoni ambiri a Android kabatani kake kali kumanzere kwa batani lalitali losiyira mpata, pamene a iPhone ayenera kuyamba adina pa 123.